Masekondi Anayi a Ties

"Ndiye ine ndinamuuza kuti, iwe, ngati ukufuna mkazi wa manja osalala, pita ukafunsire mwana wa abusa," anatero Dien, ataimika chala chokulunga kansanza kuti tebulo lonse lione. "Zanga zala anandidyera anthu a ku Tilburg ndi mapini awo."

Atsikana anaseka. Neeltje Spaans, amene anali mkulu wa tebulolo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Pakamwa pakuthamanga, manja aima. Bwana salipira pakamwa."

"Pepani mayi Spaans, ndinaiwala kuti kuseka n'tchimo Lachisanu."

"Kwa iwe n'tchimo sabata yonse. Pukusa."

Dien anapukusa chogwirira, lamba wa filimu n'kuyambanso kuyenda pakati pa zala zake. Munali mu Novembala 1917, m'chipinda chapamwamba cha kampani yobwereketsa mafilimu ya Verkerk, ku Amsterdam, m'mphepete mwa ngalande ya Singel. Akazi asanu ndi mmodzi pa tebulo limodzi lalitali loyang'ana pawindo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Mbaula munalibe, ndipo simukanakhala mbaula, chifukwa filimu ikangonunkhiza moto imayaka mwaukali, madzi osaizimitsa.

Verkerk anayamba ndi tenti. Zaka khumi ankaikoka m'matope kuchoka pa msika wa zisangalalo uwu kupita pa uwo, kugula filimu, kuionetsa mpaka itatha ngati nsapato, kugulanso ina. Mu 1909 nzeru zinamufika: n'kuvutikiranji kunyamula tenti pamene zitini zingathe kukwera sitima zokha? Anagulitsa tenti ndi akavalo omwe, n'kuyamba kuitanitsa mafilimu ku Paris, ku Copenhagen ndi ku Berlin, kumabwereketsa kwa eni nyumba za kanema sabata ndi sabata. Filimu yatsopano inkayambira m'maholo a mipando yawofuwofu mumzinda momwemo, kenako Rotterdam, kenako timatauni, kenako timaholo ta kuseri kwa mabala kumidzi ya kumpoto, ulemu ukuithera pang'onopang'ono. Pomaliza inkadulidwa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, kuti wina asadzaitole n'kumadyerapo. Koma pa moyo wake wonse, Lachisanu lililonse isanapite kwina, inkakwera masitepe kudzadutsa m'zala za akazi aja.

Ntchitoyo inali ya zala, maso ankangothandizira. Umamva timabowo ta m'mbali mwa lamba tikudutsa, ndipo pong'ambika pamakukanda. Pamenepo umadula kachithunzi kowonongeka, kunyambita m'mphepete, kupala ndi lumo, kupaka guluu wonunkha ngati nthochi zoola, kukanikiza ndi chala chachikulu n'kuwerenga mpaka khumi. Chigamba chilichonse chinkadya tizithunzi tiwiri kapena titatu. Anthu oyendetsa makina kumidzi analibe nthawi ya guluu. Filimu ikaduka ankangoibaya phini n'kuiponya m'chitini, phiniyo n'kumadikira chala cha munthu ku Amsterdam.

Neeltje anabadwira ku Jordaan, dera la mu Amsterdam momwemo, ndipo anakalambira misewu itatu kuchokera pomwe anabadwira. Anasoka makolala a malaya kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anakwatiwa ndi munthu wonyamula matumba padoko, mwamunayo chifuwa chinamutenga, iye anatsala ndi mwana mmodzi, Ties. Mpingo wake unali uja wa zovala zakuda, woletsa ngakhale kuimba mluzu Lamulungu. Atapeza ntchito kwa Verkerk anakafunsa abusa ngati n'koyenera. Abusa anasisita ndevu, n'kunena kuti kalipentala wopanga chitseko cha bala salakwa, wolakwa ndi wolowa. Neeltje anatenga mawuwo monga momwe ankatengera chilichonse, athunthu, osatafuna. Zaka zisanu ndi ziwiri ankagwira mafilimu m'manja, koma anali asanaonepo ngakhale imodzi ikuyenda pansalu.

Ukulu wa patebulo anaupeza motere. Mu 1912 panali mkazi wina dzina lake Griet, mkulu wake wa Dien, amene anadula kachithunzi kamodzi ka kavalo woyera n'kukabisa m'thumba la epuloni. Mwana wake anali chigonere ndi malungo, ndipo ankakonda akavalo. Neeltje anaona. Sanamunong'oneze, sanamutsine, anangotsika masitepe kukauza bwana. Griet anachotsedwa tsiku lomwelo. Ndipo ndi Neeltje yemweyo amene anapereka nzeru yoti maepuloni asakhalenso ndi matumba, tizidutswa tonse tiziponyedwa mumgolo wachitsulo wokhoma wokhala ndi kampata pamwamba, ndiponso kuti poweruka aliyense azisechedwa pakhomo. Iye azisecha atsikana. Nanga iye amuseche ndani? Verkerk, amene ankakonda nthabwala zoluma, analoza Dien. Neeltje anavomera ndi mtima wonse. Munthu woyera amaopanji manja a mnzake?

Ties anakula wamakutu otuluka ndiponso wosamva. Anathawira ku IJmuiden kukalowa sitima zogwira nsomba. Dziko silinali pankhondo, koma nyanja inali itadzaza mabomba a eni nkhondo, ndipo bomba silifunsa mbendera. Mu Febuluwale sitima yake inatuluka, osabwerera. Panalibe mtembo, panalibe manda. Chithunzinso panalibe, chifukwa tsiku lina Ties atanena zopita kukajambulitsa, mayi ake anamuyankha kuti nkhope anapatsidwa kuti azisamba, osati aziipachika pakhoma.

Ndiye Lachisanu lija, Dien atangokhala chete, Neeltje anatsegula chitini chaching'ono cholembedwa kuti Doko la IJmuiden. Kanali kafilimu kongodzazira nthawi, kaja amaonetsa anthu akupezabe mipando. Anapukusa. Chapakati phini inamubaya. Anaima, kuyamwa magazi, n'kukweza lamba pawindo kuti aone pomwe adule.

Sitima ili padoko. Mnyamata wawerama pa chingwe. M'kachithunzi kotsatira wayamba kudzuka. Kotsatira, kotsatira, akutembenuka. Makutu aja. Mpango wa pakhosi wa mizere itatu, womwe iye analuka yekha ndi ulusi wotsala. Mnyamatayo akuvula kapusi, akuseka ndi wojambula, dzino lakutsogolo lija lobenthuka likuoneka ngati kambewu ka mchenga.

Anawerenga ndi chikhadabo. Tizithunzi makumi asanu ndi limodzi. Makina akamayenda bwino, amenewo ndi masekondi anayi osakwana n'komwe.

Phini inali itabowola titatu. Ndipo apa ndi pomwe munthu angaseke kapena kulira, kaya. Mutu uli zii, manja anagwira ntchito yawo ya zaka zisanu ndi ziwiri: kudula, kunyambita, kupala, kumata, n'kuponya tizithunzi titatu m'kampata ka mgolo. Anazindikira atamva kale kaphokoso kake pansi.

"Mayi Spaans, mwaona chiyani? Mwayera ngati tchizi cha dzulo," anatero Dien.

"Pukusa."

Sabata yotsatira chitini chija chinabwera kuchokera ku Deventer, Neeltje n'kuchilanda m'manja mwa mtsikana amene anachitola. Panali pong'ambika pena, pafupi ndi chigamba chake chomwe. Anadula tiwiri. Kamodzi anaponya mumgolo mochititsa phokoso. Kena, komwe Ties anali atagwira kapusi m'mwamba, anakalowetsa m'mfundo ya tsitsi lake kunkhongo, ngati akukonza phini ya m'mutu.

Poweruka anasecha atsikana onse, n'kutambasula manja kuti Dien amuseche. Dien anasisita m'mikono, m'chiuno, m'mphepete mwa siketi, mwaulesi monga mwa masiku onse. Kenako anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali.

"Tsitsi lanu lero lakongola, mayi."

"Fulumira, ndikufuna kupeza mbatata zisanathe."

Zala za Dien zinalowa m'mfundo muja n'kutuluka ndi kanthu. Anakakweza pa nyale ya pamasitepe, diso limodzi atatsinzina.

"Eee! Ndi makutu omwe. Uyu si Ties uyu?"

"Dien, mwana wanga..."

"Ine si mwana wanu. Mwana wanu ndi uyu, ndamugwira m'manja." Anatembenukira atsikana ena amene anali ataunjikana pa masitepe. "Tabwerani muone, anzanga, oyera mtima aba! Nditsike, mayi Spaans? Masitepe ake ndi omwewa, mukuwadziwa bwino. Ndi khumi ndi asanu ndi atatu, Griet anawawerenga akulira."

Neeltje anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, chipinda chimodzi, wopanda wina womubweretsera buledi. Komanso akachotsedwa, chitini chija chizidutsa m'zala za ndani?

"Usatsike."

"Mwati bwanji? Makutu anga ndi aang'ono, si ngati a kwanu."

"Chonde usatsike."

Dien anamubwezera kachithunziko m'dzanja, n'kumutsogolera yekha kumgolo.

"Ponyani nokha. Lamulo ndi lanu."

Anaponya.

Lolemba anavala kolala yoyera n'kukagogoda ku ofesi ya bwana. Anafotokoza zonse ataima, manja kumbuyo. Verkerk anamvetsera akusenda apulo.

"Pepani kwambiri, mayi Spaans. Nyanja ndi yoipa. Koma taganizani. Ndikupatseni inu kamodzi, mawa Dien abwera kuti m'filimu ya ku Denmark muli mwamuna wofanana ndi chibwenzi chake. Mkucha wina. Ndidzatsala ndi zitini zopanda kanthu. Inuyo ndi amene munandiphunzitsa zimenezi, ndipo ndimakutamandani nazo kwa anzanga." Anaponya chidutswa cha apulo m'kamwa. "Komanso kachithunzi kamodzi n'kachiyani? N'kakufa. Mukufuna kumuona mwana wanu? Gulani tikiti ngati anthu ena onse. Kumeneko amayenda, amaseka. Ndiye ntchito yathu imeneyo, mayi, kuukitsa akufa kawiri pa tsiku, katatu Loweruka."

Anaseka yekha. Neeltje anathokoza, poti anaphunzitsidwa kuthokoza, n'kutuluka.

Tikiti. Mawuwo anamukhala pammero miyezi isanu ndi umodzi. Kafilimuko kanali ku Haarlem sabata ina, ulendo wa theka la ola pasitima, iye osapita. Wolakwa ndi wolowa. Ankati mwina afunse abusa kaye, koma yankho ankalidziwa kale. Ankati mwina sabata ya mawa. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma Neeltje ankakhulupirira kuti zinthu zimadikira munthu wolungama.

Filimu sidikira. Pomwe yadukapo kamodzi ndi pomwe imadukanso, chifukwa chigamba n'cholimba kuposa lamba, ndipo mano a makina akachimenya amang'amba pambali pake. Choncho ming'alu yonse inkasonkhana pa Ties. Kuchokera ku Zwolle tinatsala tizithunzi makumi asanu. Ku Assen wina anamubaya mapini awiri. Neeltje mwini ankawonjezera osadziwa. Lachisanu lililonse ankagwira malo amenewo nthawi yaitali, kuwasisita, kuwakweza pawindo, kuwapumira, mpaka tinayamba kuoneka timizere toyera tomwe anthu a ntchitoyi amati mvula. Ndipo nthawi zonse akagwira sizasi, Dien ankasiya kupukusa, chibwano m'dzanja, kumuyang'ana mpaka tizidutswa talowa mumgolo.

"Lero mwamudula pati, mayi? Kapusi ikadalipo?"

Pofika Marichi kuwerama kuja kunatha, Ties ankangoyamba ali chiimire. Pofika Meyi kutembenuka kunatha. Mu Juni tinatsala tisanu ndi titatu: nkhope, kapusi m'mwamba, kuseka.

Sabata imeneyo Neeltje anaona pa bolodi la muofesi kuti Doko la IJmuiden lapita ku kaholo kena ka ku Jordaan komweko, ka mabenchi, komwe mafilimu ankapita akatopa. Loweruka masana anavala chipewa cha kutchalitchi, n'kuzungulira misewu iwiri kuti asadutse pakhomo pa mkulu wa mpingo. Anapereka masenti khumi pawindo osayang'ana wogulitsa.

Mkati munkanunkha thukuta, fodya ndi makoko a malalanje. Anakhala kumapeto kwa benchi, chikwama pamiyendo. Magetsi anazima. Limba linayamba kulira, ndipo pambali pa nsalu panaima bambo wina wa ndodo, wofotokozera anthu zomwe akuona.

Neeltje anagwira benchi. Madzi ankayenda. Zaka zonsezi ankadziwa kuti amayenda, koma sankadziwa kuti amanyezimira. Utsi unkatuluka m'chumuni n'kupita ndithu. Ankadziwa kafilimuko ngati Salimo: ngolo ya madengu, akazi atatu osenza nsomba, galu, kenako sitima.

"Awa ndi anyamata athu a ku IJmuiden," anafuula wa ndodo uja. "Atsikana, tsekani mphuno, tsegulani mitima!"

Holo inaseka. Galu anadutsa. Mutu wa sitima unalowa pansalu. Neeltje anaimirira osadziwa.

"Khalani pansi, agogo, simuli pawindo!"

Phwa! Nsalu yonse mbee, kuyera kopweteka m'maso. Kumbuyo kunamveka lamba akukwapula makina.

Anthu anayamba kuimba mluzu ndi kuponda pansi. "Wamata ndani zimenezi?" anakuwa mwamuna wina pafupi naye. "Amata ndi malovu? Am'dule zala ameneyo!" Wa ndodo anati nsomba zadya filimu, anthu n'kusekanso. Neeltje ankadziwa chomwe chikuchitika m'kachipinda ka makina, ngati akuona ndi maso. Munthuyo akukoka lamba utali wa mkono kuti apeze pogwira, akumukoleka m'mano, akupukusa. Chithunzi chinabwerera. Mbalame za kunyanja zikuuluka pamwamba pa doko lopanda munthu.

Anatuluka filimu yaikulu isanayambe. Tchimo analichita, lonse lathunthu, ndipo sanapatsidwe kanthu.

Masiku asanu otsatirawo anakonza maganizo. Lachisanu chitini chikabwera, adzadula chilichonse chomwe chatsala, ngakhale kamodzi kobowoka ndi phini, n'kukaika pansi pa lilime. Dien atsike masitepe ngati akufuna. Ntchito ithe. Anadzuka m'mawa mtima uli phee kwa nthawi yoyamba chichokereni Febuluwale uja.

Zitini zinakwera. Anazitembenuza chimodzichimodzi. Zina zinakwera cha m'ma teni. Anazitembenuzanso. Atsikana ankayang'anizana.

"Mukufuna chiyani, mayi Spaans?" anafunsa Dien mokoma.

"Kachitini ka IJmuiden sikanafike."

"Kafika kalekale. Simunaone mtanda wofiira pa bolodi? Inu, zaka zonsezi! Ya sabata yomaliza sikwera kuno. Aimatirenji yopita kunkhwangwa? Mwana wanu walowera khomo lakumbuyo."

Pamenepo ndi pomwe Neeltje anamva phokoso lomwe linali likumveka m'mawa wonse kuseri kwa nyumba, lomwe makutu ake anali atazolowera ngati belu la tchalitchi. Gu. Gu. Gu. Ankalidziwa lamulolo. Kungoti moyo wake wonse unali wa pamwamba, ndipo za pansi sanaziganizirepo.

Anatsika masitepe khumi ndi asanu ndi atatu akuthamanga. Pabwalo anapeza chitsa, nkhwangwa itatsamira khoma, ndi matumba asanu omanga kale pangolo. Munthu wa ngolo anali akuyatsa kaliwo kunja kwa geti, kutali ndi katundu.

"Bambo, m'thumba liti muli kachitini kakang'ono?"

"Mayi, mmenemo muli mafilimu makumi atatu osakanikirana ngati kabichi. Mfumu ya ku Roma ili momwemo, akazi ovina ali momwemo."

"Mukupita nawo kuti?"

"Kufakitale. Amatsukako siliva, zotsalazo amasungunula. Zipeso, mabatani, zogwirira maambulera. Palibe chotayika, mayi, musadandaule."

Anakwera masitepe, n'kukhala pamalo pake. Panali zitini khumi ndi chimodzi zodikira, ndipo anazimaliza zonse.

Anagwirabe kwa Verkerk zaka zina zisanu ndi zinayi, mpaka maso atafooka, ndipo sanachedwepo tsiku limodzi. Koma za moyo wake anthu a ku Jordaan amakumbukira Loweruka lina la mu Okutobala, chaka chomwe kafilimu kaja kanadulidwa, pamsika wa Lindengracht. Pakati pa wogulitsa nsomba zouma ndi wogulitsa nsapato zakale panali kathebulo ka mapini, ulusi, mabatani ndi zipeso. Mwini wake anali mkazi wonenepa wa shawelo yobiriwira. Neeltje anadutsapo kawiri, kachitatu anaima.

"Taonani amene wabwera," anatero Griet mokweza, kuti wa nsomba amve. "A Neeltje eni ake! Mwabwera kudzandisecha?"

"Ndikufuna chipeso."

"Chipeso! Dien anandiuza kuti mudzabwera, ine ndinkati ayi, amene uja sagula zinthu za dziko lapansi." Anayala zipeso ndi dzanja limodzi. Zinali zofiirira ngati uchi, kuwala kukudutsamo. "Sankhani. Zonsezi n'za fakitale yomweyo, zafika sabata yatha. Kaya ali mu ichi, kaya mu icho. Mwina makutu ali umu, kapusi ili umo. Mwinanso muli kavalo wanga."

Neeltje anawerama pa zipesozo.

"Simufunsa za mwana wanga Mientje? Anamwalira sabata yomwe ija. Ankafunsa kuti, amayi, kavalo uja ali kuti. Ndinamuuza kuti ali ndi mayi wina wopemphera kwambiri." Griet anapukuta mphuno ndi shawelo. "Choipa chitsata mwini, a Neeltje. Chimayenda pang'onopang'ono ngati filimu ya kumidzi, koma Lachisanu lake limakwana."

Neeltje anatola chipeso chimodzi, n'kuchikweza kudzuwa monga ankakwezera lamba pawindo. Munalibe kanthu, timathovu tiwiri basi. Anatola china. Anatola chachitatu, chomwe chinali ndi kamtambo kakuda pakona, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Ichi."

"Masenti khumi ndi awiri."

"Pakapepala mwalemba asanu ndi atatu."

"Asanu ndi atatu n'cha tsitsi. Inu simukugulira tsitsi."

Neeltje anapereka. Griet sanachikulunge.

Epuloni yake inalibe thumba, ndipo m'chikwama munali mbatata zamatope, choncho anachinyamula m'dzanja. Anadutsa mlatho, anakhota pa ngodya ya wophika buledi, chala chachikulu chikuyenda chokha pa mano a chipesocho, limodzilimodzi, kufufuza pong'ambika. Panalibe. Anafika pakhomo pake atawerenga mano makumi anayi ndi awiri, n'kuyambiranso.